Ndege Zikungogona mu Shedi: Zoti Muone Musanavotere Ndege Ina Yatsopano

Vuto ili limabwera pafupifupi m'timu iliyonse ya masewera opanga zida za nkhondo pagulu, aja timakumanirana Loweruka masana ku Area 25 kapena ku Kawale, ena n'kumaponya mavoti awo pa WhatsApp. Kwa amene simunasewerepo, matimu amakhala awiri, ndipo iliyonse imaimira akatswiri opanga zida a dziko longopeka. Pa raundi iliyonse timu imaloledwa kupanga chida chimodzi chatsopano ndi kukonzanso chimodzi chakale. Mumakambirana, mumavota, mumalemba pulani n'kupereka kwa refa. Refa amayeza kuvuta kwa zimene mwapempha, amaponya dayisi, kenako amalemba lipoti la mmene nkhondo yayendera. M'lipotimo ndi momwe mumatuluka mawu opweteka aja: ndege yanu ikuthamanga kuposa ya adani, mfuti zake n'zoopsa, koma mwa ndege 40 zimene zili pabwalo, zauluka ndi 14.

Zikatero pagulu pamatentha. Wina amati dayisi ikutida, wina amati refa akukondera, ndipo mapeto ake anthu amavotera ndege ina yatsopano ya injini yaikulu kuposa yoyamba ija. Raundi yotsatira mumapezeka muli ndi mitundu iwiri ya ndege zogona mu shedi.

Zitsanzo zili m'munsimu ndazitenga ku ndege zenizeni. Marefa ambiri amaweruza potengera mbiri ya ndege za m'nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndiye pulani imene yatchula matenda enieni ndi mankhwala amene anagwiradi ntchito savuta kuichepetsera mtengo.

Ndegezo zasowera pati?

Mawu oti "ndege zathu n'zosadalirika" amaphimba zinthu zitatu zosiyana. Pali ndege imene sinanyamuke n'komwe chifukwa amakaniko anali asanathane nayo. Pali imene inanyamuka koma n'kubwerera panjira, oyilo akuchucha, injini ikutsokomola. Ndiye pali imene inapita osabweranso. Yachitatuyi musathamangire kuiwerengera m'gulu la zowomberedwa, chifukwa zina zimagwa zokha mdani asanazione.

Ife pa tebulo timagwiritsa ntchito zitsekerero za mabotolo, chimodzi kuimira ndege imodzi. Lipoti likangofika timaziunjika milu itatu. Zosanyamuka timazigadabuza, zobwerera panjira timaziika pambali pa mapu, zosabwera timaziponya m'kapu. Mulu waukulu ndi umene ukuuzeni koyambira. Ngati zogadabuzidwa zikuchuluka, vuto lanu lili mu shedi, ndipo injini yatsopano siyikuthandizani. Ngati m'kapu ndi momwe mukudzaza, vuto lili pa ndege yeniyeniyo.

Ndipo funsani. Anthu ambiri amaopa kufunsa refa ngati kuti n'kupempha chinyengo. Funso loti, "A Refa, ndege zili pansizi zikudikira chiyani, masipeya, amakaniko kapena mafuta?" ndi lololedwa m'malamulo ambiri, popeza akatswiri a dziko lililonse amalandira malipoti ochokera kubwalo. Refa wabwino amakhala analemba kale chifukwa chake m'kope lake, kumangodikira wofunsa.

Masamu awiri amene amathetsa mkangano

Tinene kuti ndege yanu imagwira ntchito maola 20 isanawonongeke, ndipo ikawonongeka imatha maola 20 ili m'manja mwa amakaniko. Theka la nthawi ili pansi: 20 kugawa ndi 40, zomwe ndi 50 peresenti. Mukufuna ifike pa 80 peresenti. Njira yoyamba ndi yoti izitha maola 80 isanawonongeke, nthawi yokonza n'kukhalabe 20. Yachiwiri ndi yoti izingowonongekabe pa maola 20 omwewo, koma kukonza kuzitenga maola 5. Yankho ndi lomwelo, 80 peresenti, koma mtengo wake pa tebulo ndi wosiyana kwambiri. Kuchulukitsa moyo wa injini kanayi kumafuna zitsulo zatsopano, mafakitale atsopano, ndipo refa aliyense wamaso adzakuikirani dayisi yovuta. Kufupikitsa nthawi yokonza kumafuna zitseko zofikira pa injini, zomangira zomasuka msanga, masipeya pafupi, ndi anthu odziwa ntchito. Zimenezi zimalowa bwinobwino m'mpata umodzi wokonzanso.

Samalani apa. Njira yachiwiriyi imathandiza pamene ndege ikuwonongeka koma n'kumatha kubwerera kunyumba. Ngati injini ikuzima pakati pa nyanja ndipo woyendetsa akupita nayo limodzi, kufulumira kwa amakaniko kulibe ntchito. Pamenepo mulibe kochitira, lipirani njira yodulayo.

Masamu achiwiri ndi okhudza kuchuluka kwa ziwalo. Chiwalo chogwira bwino maulendo 99 mwa 100 chimaoneka chodalirika. Ikani ziwalo 10 zotere, zonse zofunika kuti ndege ipite n'kubwera, mutsala ndi maulendo 90. Zikafika 50 mutsala ndi 60 okha. Tsono taganizirani mmene ndege imakulira pa nthawi ya zokambirana. Uyu akufuna matayala olowa m'mimba, uyo supercharger (chipangizo chopanikizira mpweya mu injini) ya magawo awiri, wina mfuti yozungulira ndi magetsi, winanso mapiko opindika ngakhale dziko lanu lilibe sitima yonyamula ndege. Aliyense amaloledwa kake kuti asakhumudwe. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Masamu omwewa ali ndi msampha wina pa nkhani ya injini ziwiri. Anthu amati ziwiri n'zotetezeka kuposa imodzi. Zili choncho pokhapokha ngati ndegeyo ingathe kuuluka ndi injini imodzi inayo itazima. Ngati singathe, mwangowirikiza mwayi wa ngozi. Injini imodzi yogwira maulendo 95 mwa 100 imakupatsani 95, ziwiri zofunika zonse zimakupatsani 90. M'pulani mwanu lembani momveka kuti ndege itataya mabomba izitha kubwerera ndi injini imodzi, ndipo vomerani kulemera kapena kuchepa kwa katundu kumene kubwere chifukwa cha zimenezo.

Injini ikufa isanakalambe

Lipoti likati injini zikusinthidwa pakangopita maulendo ochepa, musanayang'ane pulani ya injiniyo yang'anani mapu a chuma cha dziko lanu. Kawirikawiri timu imapanga injini yofuna zitsulo zimene dzikolo lilibe, refa n'kuilola koma mafakitale n'kumaipanga ndi zimene zilipo.

Germany inakumana nazo zimenezi ndi Messerschmitt Me 262, ndege ya jeti imene inayamba kumenya nkhondo mu 1944. Inkathamanga kuposa ndege zonse za pulopela zimene inkakumana nazo. Koma injini zake, Jumo 004, zinkafuna zitsulo zopirira moto monga nickel ndi chromium, zomwe dzikolo linali nazo zochepa. Akatswiri anachepetsa zitsulozo n'kuika zina zosalimba pa kutentha, ndipo injini imodzi inkangotha maola pakati pa 10 ndi 25. Woyendetsa akawonjezera moto mothamanga, injiniyo inkazima kapena kupsa.

Pa tebulo mankhwala alipo atatu, ndipo otchipa kwambiri ndi amene anthu amadana nawo: kuchepetsa mphamvu ya injini. Lembani kuti injini iziyenda pansi pa mphamvu yake yonse, ndipo mphamvu yonseyo izololedwa kwa mphindi zochepa pa nkhondo yeniyeni basi. Mutaya liwiro pang'ono, mupeza maola ambiri. Achiwiri ndi kuika chitsulo chabwinocho pa ziwalo zokhazo zimene zimapsa kwambiri, monga mavalavu a ekizozi, zina zonse n'kusiya chitsulo wamba. Achitatu ndi kupita kukalanda kapena kugula mgodi, koma imeneyo ndi nkhani ya asilikali apansi ndi ya maraundi ambiri.

Injini ikutentha, kapena ikuyaka moto

Apa ndiye pamene matimu ambiri amadzipha okha, chifukwa chofuna ndege yosalala. Pofuna liwiro mumapempha kuti chivindikiro cha injini chikhale chothina, mphuno yopyapyala, radiyeta yaing'ono. Mpweya umasowa podutsa.

Boeing B-29 ya America inali ndi injini za Wright R-3350, za masilinda 18 okhala m'mizere iwiri. Mzere wakumbuyo sunkalandira mpweya wokwanira. Mavalavu ankapsa, ndipo moto ukagwira mbali za injini zopangidwa ndi magnesium unkayaka mwaukali woti unkatha kudya chitsulo chogwira phiko. Ndegezi zitafika ku India mu 1944 kutentha kwa kumeneko kunawonjezera vutoli. Chimene chinathandiza sichinali injini ina. Anaika timalata tolondolera mpweya ku masilinda akumbuyo, anakulitsa tsinde la mapeni a pulopela kuti azikankhira mpweya m'kati mwa injini, anawonjezera oyilo wofika ku mavalavu, ndipo oyendetsa anaphunzira kusachedwa pansi injini zikulira komanso kuyamba apeza liwiro asanayambe kukwera. Zonsezi ndi zinthu zimene mungalembe m'ndime imodzi ya kukonzanso, ndipo mbali yomalizayo, ya kayendetsedwe, marefa ena amaipereka ulere chifukwa ndi lamulo chabe kwa oyendetsa.

Heinkel He 177 ya Germany ndiye chitsanzo cha pulani yovoteredwa ndi anthu ofuna zonse. Akuluakulu anafuna ndege yaikulu yoponya mabomba imene ingathenso kutsika chozondoka polunjika chandamale. Akatswiri analumikiza injini ziwiri kuti zizizungulitsa pulopela imodzi, n'kuzitcha DB 606, kenako n'kuzipanikiza m'chivindikiro chothina. Oyilo ndi mafuta zikadontha zinkagwera pa mapaipi a ekizozi otentha apakati, ndipo ndegezo zinkayaka m'mwamba popanda wowombera. Ngati lipoti lanu likutchula moto wongobuka, pemphani zinthu izi: mapaipi a mafuta apatukane ndi ekizozi, pakhale khoma losayaka pakati pa injini ndi phiko, pansi pa chivindikiro pakhale timabowo totulutsira zodontha.

Onaninso kumene bwalo lanu lili. Ife a ku Lilongwe sitiyenera kuchita kuuzidwa zimenezi. Bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi lili pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,230 kuchokera pa nyanja yamchere. Injini ya mapisitoni yopanda supercharger imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 alionse, kutanthauza kuti pamalo otere yataya kale pafupifupi 12 peresenti dzuwa la Okutobala lisanawonjezere zake. Mpweya wotentha ndi wopepuka, ndiye mapiko amanyamula pang'ono, injini imakoka movutikira, ndipo kuziziritsa kumachepa pa nthawi imene kukufunika kwambiri. Ngati nkhondo ya m'masewera anu yasamukira kumapiri kapena kuchipululu ndipo ndege imene inkayenda bwino yayamba kutentha, pulani yanu ilibe mlandu. Chepetsani katundu, nyamukani m'mamawa, talikitsani msewu wonyamukira.

Fumbi ndi matope

Ili ndi losavuta kulizindikira. Injini zikutha msanga pa mabwalo adothi okha, pa mabwalo a tala zili bwino. Fumbi lolowa ndi mpweya limapala masilinda, injini n'kuyamba kudya oyilo. Britain itatumiza ndege za Spitfire ndi Hurricane kuchipululu cha kumpoto kwa Africa inaziika sefa yaikulu ya Vokes pansi pa mphuno. Inali yonyansa maonekedwe ndipo inkadya liwiro, koma injini zinkakhalitsa. Ikani sefa, lipirani liwirolo. Nyengo ya dzinja ikafika pa mapu vuto limasanduka matope, ndipo mankhwala ake ndi matayala aakulu a mpweya wochepa ndi miyendo yotalikirana.

Zikuwonongeka zikangotuluka ku sevisi

Timu ikatopa ndi malipoti oipa imakonda kuvotera kuti ndege zizilowa sevisi pafupipafupi. Zimamveka zanzeru, ndipo palibe amene amatsutsa. Koma refa wodziwa mbiri angakulangeni nazo, ndipo adzakhala akulondola.

Mu 1943 katswiri wina wa sayansi ya zamoyo wa ku Britain, C. H. Waddington, anali m'gulu lofufuza kagwiridwe ka ntchito ku Coastal Command, nthambi ya ndege za nkhondo imene inkasaka sitima zoyenda pansi pa madzi za Germany. Ndege zawo za Liberator zinkalowa sevisi pa maola 50 alionse owuluka. Atawerengera nthawi imene zowonongeka zinkachitika, anapeza kuti zinkachuluka ndege ikangotuluka ku sevisi, n'kumachepa pang'onopang'ono mpaka sevisi ina itayandikira. Kumasula chinthu chimene chikuyenda bwino kunkabweretsa matenda: gasiketi yokhala mopendama, bawuti yomangidwa mopitirira, waya woiwalika, kachitsotso kolowa m'paipi. Analangiza kuti masevisi atalikirane, ntchito zopanda phindu looneka zichotsedwe, ndipo malangizo a amakaniko alembedwe momveka. Maola owuluka anakwera ndi 60 peresenti ndi kupitirira, ndege zake zomwezo.

Patapita zaka, mu 1978, F. Stanley Nowlan ndi Howard Heap a ku kampani ya ndege ya United Airlines analemba lipoti lopita ku unduna wa za chitetezo wa America. Anapeza kuti mwa ziwalo za ndege zimene anafufuza, 11 peresenti yokha ndi imene inkawonongeka chifukwa cha ukalamba m'njira yoti kuisintha pa nthawi yoikika n'kothandiza. Gulu lalikulu, 68 peresenti, linkawonongeka kwambiri likadali latsopano kapena litangokonzedwa kumene.

Musatenge manambala amenewa n'kukawaponya pamaso pa refa ngati lamulo. Anachokera ku ndege za jeti zonyamula anthu, pamene injini ya mapisitoni ili ndi ziwalo zambiri zokhulana zimene zimathadi ndi maola. Palinso chitsulo chimene chimatopa. Chikamapindika pang'onopang'ono kambirimbiri chimayamba ming'alu yosaoneka ndi maso, monga zinachitikira ndege za de Havilland Comet zimene zinasweka m'mwamba mu 1954. Ziwalo zotere zimafunadi malire a maola. Chimene mukupempha ndi kusiyanitsa. Mapulagi, oyilo, masefa ndi zitsulo zogwira mapiko zikhale ndi nthawi yake. Zina zonse ziziyang'aniridwa osamasula: kuyeza mphamvu ya silinda iliyonse, kuona ngati m'sefa ya oyilo muli tizitsulo, kumvetsera kunjenjemera kwachilendo. Ndipo ndege yotuluka mu shedi iyambe yazungulira bwalo isanatumizidwe kunkhondo.

Chowonongeka n'chaching'ono, koma ndege yatha masabata ili pansi

Mulu wa zitsekerero zogadabuzidwa uja umakulira pano. Ndipo m'matimu ambiri amene ndaona, ndi waukulu kuposa ina iwiri ija.

Funso loyamba: kuti makaniko afike pa chiwalo chimene chimafa kawirikawiri, ayenera kuchotsa zinthu zingati? Ngati pulani yanu sinanene kanthu, refa ali ndi ufulu woganiza kuti pampu ya mafuta ili kuseri kwa thanki ndi mfuti. Akatswiri a ku Germany, ngakhale anaphonya pa He 177, pa nkhani iyi anali patsogolo. Pa ndege zambiri injini, radiyeta, mapaipi ndi chivindikiro ankazimanga ngati mtolo umodzi wolumikizidwa ku ndege pa malo ochepa. Injini ikavuta ankatsitsa mtolo wonse ndi tcheni, n'kukweza wina, ndege n'kubwerera kuntchito pamene wakalewo ukukonzedwa modekha kumbuyo. Pa Messerschmitt Bf 109 miyendo inamangidwa ku thupi la ndege, motero ankatha kuchotsa mapiko ndege itaima pa matayala ake popanda jeke. Mtengo wake unali woti miyendoyo inayandikana kwambiri ndipo ndege zambiri zinkachita ngozi potera ndi ponyamuka. Refa angakulipiritseni chimodzimodzi, ndiye sankhani mukudziwa.

Za m'zaka zapambuyo pake zilinso ndi phunziro lolowa m'nyengo iliyonse. Pa A-10 ya America ziwalo zambiri za kumanzere ndi za kumanja n'zofanana, kuphatikizapo injini, miyendo ikuluikulu ndi zipsepse zakumchira, choncho sipeya imodzi imakwana mbali zonse. Sweden inapanga Gripen kuti izitera pa misewu ya galimoto, ndipo makaniko mmodzi wodziwa ndi anyamata asanu ongophunzitsidwa pang'ono azitha kuithira mafuta ndi kuipachika zida m'mphindi pafupifupi 10. Zimenezi zinalembedwa m'zofunika za ndegeyo kuyambira pachiyambi. Sizinali zowonjezera pambuyo.

Funso lachiwiri ndi la masipeya. Matimu amathira bajeti yonse pa ndege zathunthu chifukwa nambala yaikulu imasangalatsa. Zikayamba kuwonongeka, amakaniko amachita zimene aliyense wodutsa m'magalaja a ku Biwi anazionapo: minibasi imodzi yokhazikidwa pa miyala, lero achotsa sitata kupatsa inzake, mawa radiyeta, mpaka kutsala chigoba choti nkhuku ziziikiramo mazira. Kulanda ziwalo kotereku kumapulumutsa tsiku limodzi, koma ntchito imawirikiza chifukwa chiwalo chimodzi chimamasulidwa ndi kumangidwa kawiri, ndipo ndege yolandidwayo sikawirikawiri kudzukanso. Uzani refa kuti gawo la fakitale lizipanga injini zapadera ndi masipeya, ngakhale ndege zatsopano zichepe. Ndege 30 zokhala ndi masipeya, zouluka 24, zimaposa ndege 40 zouluka 14.

Lachitatu, werengani mitundu ya injini imene dziko lanu likusamalira. Mtundu uliwonse umafuna masipanala ake, mabuku ake, shelefu yake ndi amakaniko ake. Ngati muli ndi ndege zinayi za injini zinayi zosiyana, kukonzanso kopindulitsa kwambiri kungakhale kosasangalatsa n'komwe: kusamutsira ziwiri pa injini imodzi imene yaonetsa kale kuti ndi yolimba.

Pamene vuto lili pa tebulo penipeni

Zonse zili pamwambazi anthu amazimva, koma pa voti zimagonja. Kukonza sefa ya mpweya kulibe ulemerero. Mnyamata amene wabwera ndi chithunzi cha ndege ya mfuti zisanu ndi zitatu amakokera manja onse kwa iye, ndipo wonena za masipeya amauzidwa kuti, "Aise, tabwera kudzamenya nkhondo kuno, osati kudzatsegula galaja."

Chimene chimathandiza ndi kusankhiratu munthu mmodzi woyankhulira amakaniko masewera asanayambe, ndi kugwirizana kuti pulani iliyonse idutse kwa iye isanapite ku voti. Asakhale ndi mphamvu yokana, angokhala ndi ufulu wofunsa mafunso atatu pamaso pa onse: chinthuchi chikawonongeka achifikira bwanji, chikufuna chitsulo chimene tili nacho, ndipo chikulowa m'malo mwa chiyani. Matimu ena amagwirizananso kuti zouluka zikatsika pansi pa theka, mpata wokonzanso wa raundi imeneyo ndi wa ndege basi, popanda mkangano.

Kalembedwe ka pulani nakonso kamagwetsa anthu. Taonani iyi: "Tikonze ndege yathu ikhale yodalirika, yosavuta kukonza, komanso tiwonjezere liwiro ndi mfuti ziwiri." Refa akaiwerenga amaona zopempha zinayi, ziwiri zosamveka ndi ziwiri zolemetsa ndege, ndipo dayisi ikagwa pakatikati amakupatsani mfutizo n'kusiya matenda ali pomwepo. Yerekezani ndi iyi: "Lipoti lapita lati masilinda akumbuyo akutentha ponyamuka. Tikuika timalata tolondolera mpweya kumbuyoko, tikukulitsa potulukira mpweya, ndipo tikuvomera kutaya liwiro pang'ono. Sitikukhudza china chilichonse." Chiganizo chomalizacho n'chofunika kwambiri. Chimatsekera refa mpata wobweretsa matenda atsopano, ndipo kuvomera kutaya kanthu kumamuonetsa kuti simukupempha zaulere.

Dayisi ikagwa moipa, ikagwa. Musasinthe njira chifukwa cha kuponya kumodzi. Koma chizindikiro chomwecho chikabweranso mutakonza ndipo dayisi inali yabwino, ndiye kuti munachiza pamene sipakudwala. Hawker Typhoon ya Britain inkaduka mchira m'mwamba. Akatswiri anakhomera timapuleti tachitsulo kuzungulira polumikizira mchirawo, ngozi zinachepa koma sizinathe, chifukwa gwero lake linali kunjenjemera kwa zipsepse zowongolera zakumchira. Musanawonjezere chitsulo pamene pathyoka, funsani chimene chikugwedeza malowo.

Nthawi yoisiya

Pali ndege zina zimene sizichira, ndipo kuumirira kumangodya maraundi. Chizindikiro chake ndi ichi: matenda ali m'chinthu chimene ndege yonse inamangidwira, ndipo kukonza kulikonse kukubala vuto lina pafupi pomwepo. Ngakhale pamenepo, musataye zonse musanaone chimene chili chabwino.

Avro Manchester ya Britain inali ndi injini ziwiri za Rolls-Royce Vulture, zazikulu, za masilinda 24, zimene zinkalephera kawirikawiri, ndipo ndegeyo inkavutika kuuluka ndi imodzi. Zinapangidwa pafupifupi 200 zokha. Thupi la ndegeyo linali labwino, ndi mimba yaikulu yonyamulira mabomba. Akatswiri anatalikitsa mapiko n'kuikapo injini zinayi za Merlin, zazing'ono koma zodziwika kale kwa amakaniko ndi mafakitale. Ndege imeneyo inauluka koyamba mu Januwale 1941 n'kupatsidwa dzina loti Lancaster, ndipo zinapangidwa zoposa 7,000.

Ngati mwafika pamenepa, kambiranani ndi refa musanavote. Ena amawerengera kusintha kotere ngati kukonzanso kovuta, ena ngati ndege yatsopano yotchipa chifukwa thupi ndi fakitale zilipo kale. Mufunseninso ngati ndege zakalezo zingaphwasulidwe kuti miyendo, mfuti ndi mawailesi ake zipite pa shelefu ya masipeya, komanso ngati amakaniko a injini yotayidwayo adzafunike raundi yophunzira asanayambe kugwira yatsopanoyo.